Thirakitala imene inkakomoka pamunda wa amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene thirakitala ya abambo aakulu inayamba kukomoka pamunda pathu. Mpaka lero fungo la dizilo limandichititsa nseru. Ndikakwera minibasi pa Mponela n'kupeza kuti wina wabisa chigubu cha dizilo pansi pa mpando, ndimatsika n'kudikira ina. Makondakitala amandinena kuti ndine mayi wamatama, ndipo sindiwayankha, chifukwa nkhani yake ndi yaitali.

Abambo anga anali atamwalira chaka chapitacho. Amayi anali mtengwa: kwawo kunali kumapiri a Ntchisi, koma atakwatiwa anabwera kudzakhala kwa amuna awo ku Dowa, m'mudzi wina wa kum'mawa kwa Mponela. Maliro atatha, akuchimuna sanawasudzule. Anawauza kuti akhale, alere ana pamunda wa malemuwo, ndipo anazinena bwino kwambiri pamaso pa anthu, moti amayi analira ndi kuthokoza. Munda umenewo unali pachitunda, dothi lake lofiira, la katondo, lolimba polima koma losanyenga munthu. Chimanga chathu, mtedza wathu, yunifolomu yanga ndi ya ang'ono anga awiri, zonse zinkachokera m'mizere imeneyo. Kwina kotsamira tinalibe.

Abambo aakulu, a Lingisoni, anali mkulu wawo wa abambo anga. Ankalima fodya wambiri, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, wa iwo amene amakhala kutsogolo atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji. Pemphero lawo linkatalika mpaka ana kugona. Thirakitalayo anaigula pa esiteti ina imene inkatsekedwa. Inali nkhalamba yeniyeni, penti yake yofiira itasuluka, mpando wake atauyala thumba la feteleza, nyali imodzi ikulendewera pa waya. Koma m'midzi yonse yotizungulira munalibenso ina, ndiye inkalemekezedwa kuposa anthu ena. Inali ndi shedi yakeyake yamalata pamene ife tinkagona m'nyumba yaudzu. Pachivundikiro cha thanki anakhomerapo loko poopa akuba dizilo, ndipo kiyi wake ankayenda naye pachingwe chomangirira kulamba. Nyengo yogalauza ikafika, mudzi wonse unkakhala wa a Lingisoni, chifukwa aliyense ankafuna kuti munda wake uyambe ndiwo.

Msewu wochokera kuchigafa kwawo kupita kumsewu waukulu unkatsika kudambo, kenako n'kukwera chitunda chodutsa m'mphepete mwa munda wathu. Chitunda chenicheni m'dera lonselo chinali chimenecho. Tsiku loyamba kukomoka tinali m'munda ndi amayi, tikusosa. Kunali kotentha, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Tinaimva ikubwera kuchokera kudambo ndi ngolo yodzaza manyowa, ikulira bwinobwino. Itafika pakati pa chitunda, pafupi ndi malire athu, kulira kwake kunasintha. Inayamba kutsokomola, kunjenjemera, kutulutsa utsi wotuwa, liwu lake n'kumatsika pang'onopang'ono ngati munthu amene akutsamwa. Kenako zii. Abambo aakulu anatsika, anaizungulira, anamenya tayala ndi phazi, anapukuta thukuta. Patapita kanthawi anakweranso n'kuliza, ndipo inadzuka ngati sinachite kanthu, n'kumaliza chitundacho.

Palibe amene anaganiza zambiri tsiku limenelo. Koma inabwerezanso, n'kubwerezanso. Chimene chinkazunguza anthu mitu n'chakuti sinkakomoka tsiku lililonse. Inkatha kulima tsiku lonse kudambo, kapena kuminda ya kuchigwa, osatsokomola n'kamodzi komwe. Nthawi zina inkakwera chitunda chathucho bwinobwino, abambo aakulu n'kumwetulira kuti yachira. Mawa lake, pamalo omwewo, n'kufa. Ndipo ikafa, sinkafuna mankhwala alionse, inkangofuna kuisiya pang'ono basi.

Amene anayamba kuiika nkhaniyi m'mawu ndi azakhali, mlongo wawo wa abambo. Azakhali anali munthu woti akakuyamikira mwana wako, umapita kukamuyang'ana ngati ali bwino. Anayamba ndi mafunso, monga amachitira anthu otere. Ankafunsa pamjigo kuti kodi chitsulo chimadziwa bwanji malire a munda. Ankafunsa kuti n'chifukwa chiyani chimafera pamaso pa munthu mmodzi yekhayekha. Mafunsowo atazolowereka, anawonjezera kuti mlamu wawo wa ku Ntchisi anali ndi kaduka, poti mwamuna wake anafa wosauka pamene mkulu wake akugula mathirakitala. Mapeto ake anafika ponena kuti ngakhale imfa ya mchimwene wawo ija inali yofunika kuiunikanso.

Ndinaona ndi maso anga mmene mudzi umatayira munthu. Sumuthamangitsa ndi zibonga ayi, umangomusunthira. Amayi akafika pamjigo, ndowa za anzawo zinkasendera kumbali. Kutchalitchi, benchi imene ankakhala inkapezeka ndi malo ambiri. Mayi wina amene ankabwera kudzapempha mchere kwathu pafupifupi sabata iliyonse anayamba kudzera kuseri kwa nkhokwe kuti asapereke moni. Kusukulu anzanga ankati ndikawayandikira, mmodzi azitsokomola motsanzira thirakitala, n'kudzigwetsa pansi, enawo n'kumafa nazo kuseka. Zinkandinyansa, ndipo chonyansa kwambiri chinali chakuti akuluakulu akaona zimenezi ankabisa kumwetulira.

Abambo aakulu sanawanene amayi, komanso sanawaletse azakhali. Anayesa okha kusintha sefa ya dizilo, imene ankaitcha fyuluta, koma sizinathandize. Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, anthu olimiridwa atayamba kudandaula, anapita ku Mponela kukatenga makaniko.

Makanikoyo anali a Yobe, bambo wamfupi, wa ovolosi imene sindikhulupirira kuti inalawapo sopo. Poti thirakitala inkafera pamunda pathu, ntchito yambiri ankagwirira pomwepo, pansi pa mtengo wa muwanga wa m'malire. Amayi ankandituma kukawapatsira thobwa, ndipo ankandiuza kuti ndisafulumire kubwerera, ndiziona zimene akuchita n'kudzawafotokozera. Iwo sakanatha kuima pamenepo, chifukwa akanati akuilodzeratu.

Kunena zoona, a Yobe ankandinyansa. Ankayamwa dizilo ndi pakamwa kudzera m'kapaipi, n'kulavula, n'kutafuna mtedza wokazinga ndi manja omwewo, akuda bii. Ankamina ndi zala n'kupukutira pa ovolosi. Koma ntchito yawo inali ndi dongosolo, ndipo ankakonda kulankhula akugwira, kaya wina akumva kaya ayi. Ankati injini ya dizilo imafuna zinthu zochepa, mpweya woyera ndi dizilo woyenda mosadukiza, ndiye ikamafooka mwa apo ndi apo, chimodzi mwa ziwirizi chikuchedwa panjira. Anayamba ndi mpweya. Anamasula chibakuli cha mafuta chimene chimasefa fumbi, ndipo munatuluka matope akuda osakanikirana ndi mankhusu a chimanga ndi tizilombo takufa. Anachitsuka, anathiramo mafuta atsopano. Thirakitala inakwera chitunda, anthu n'kuwomba m'manja. Tsiku lotsatira inafa.

Kenako anatsata njira ya dizilo. Pansi pa kapampu kakang'ono panali kakapu kagalasi, ndipo atakamasula tinaona madzi atakhala pansi, pamwamba pake pali zinthu zonanda ngati mamina. Anatsuka. Anasinthanso fyuluta ija ngakhale inali yatsopano. Anamasula timanati tina pang'ono n'kumapopa ndi chala mpaka thovu litasiya kutuluka, amati akutulutsa mpweya umene walowa m'mapaipi. Anayang'ana paipi iliyonse ngati yang'ambika kapena yapindika. Anatokosa ndi singano kabowo ka pachivundikiro cha thanki, kopumira, poganiza kuti katsekeka ndi fumbi. Tsiku lina anamasula paipi yochokera kuthanki n'kuuzira ndi pakamwa mpaka masaya kutupa, ndipo m'thankimo munamveka kubwata. Atatero, thirakitala inagwira ntchito bwino kwa masiku angapo, moti a Yobe anayamba kulongedza zitsulo zawo. Asananyamuke, inafanso pamalo ake aja, ili ndi ngolo ya njerwa.

Azakhali anali pomwepo. Anapinda manja pachifuwa n'kunena mokweza, kuti amayi amve ali kumtunda kwa munda:

"Matendawa si a sipanala. Mukumuvutitsa chabe mwana wa eni ake."

Madzulo a tsiku limenelo akuchimuna anakumana kwa abambo aakulu. Amayi sanaitanidwe, koma uthenga unafika dzuwa lisanalowe. Anati poti pamudzi pasowa mtendere, ngati thirakitala ipitirize kufera pamunda paja, ndi bwino alamu asudzulidwe, abwerere kwawo ku Ntchisi, mundawo ubwerere kubanja. Amayi anamva uthengawo atakhala pakhonde, akusenda nandolo. Sanasiye kusenda. Wobweretsa uthenga atapita, anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu:

"Enelesi, chitsulo chija chikapanda kuchira, ife pano tachoka."

Munda tinali titaupanga kale mizere wonse, ndi makasu, ine ndi amayi, ndipo manyowa tinali titatuta pamutu kuchokera kukhola la mbuzi. M'manja mwanga munali matuza. Ndinagona ndikupempherera a Yobe, munthu amene ndinkanyansidwa naye.

M'mawa mwake a Yobe anabwera ndi nzeru ina. Anatenga chigubu choyera, anathiramo dizilo wosefa pansalu, n'kuchimangirira ndi zingwe za mphira pamwamba pa injini. Anamasula paipi yochokera kuthanki n'kuitseka, m'malo mwake analumikiza kapaipi kochokera m'chigubu muja. Anati tione ngati ingakomoke ikumwera kwina. Anauza anyamata kuti adzaze ngolo ndi njerwa mpaka pakamwa. Mbiri inali itamveka kuti lero ndi lero, choncho anthu anadzaza m'mphepete mwa msewu ngati kukubwera gule.

Inakwera. Inatsika, inakweranso. Anaikweza mobwerezabwereza mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo sinatsokomole. Kenako a Yobe anachotsa chigubu, anabwezera paipi ya kuthanki, ndipo paulendo wachiwiri wokha inafa, pamalo ake penipeni. Ngakhale ine mwana ndinamvetsa tanthauzo lake.

A Yobe anafotokoza akupukuta m'manja. Anati injini ilibe mlandu, munda ulibe mlandu, nthenda ili m'thanki. Muyenera kuti muli chinthu chimene chimayandama. Pamalo osalala chimangoyendayenda, koma thirakitala ikapenyetsa mphuno kumwamba, dizilo amakhuthukira kumbuyo kumene kuli kabowo kotulukira, chinthucho n'kupita nawo. Injini ikamakoka mwamphamvu chifukwa cha katundu, imachiyamwira pakabowopo n'kutseka. Ikazima, kukoka kumatha, chinthucho n'kuchokapo chokha. Anati akanati chitunda china chikhalepo m'mudzimo, bwenzi ikuferanso kumeneko. Atatha kufotokoza anatambasula dzanja kupempha kiyi.

Abambo aakulu anachita zachilendo. Poyamba anati kiyi waiwalika kunyumba, chikhalirecho chingwe chake chinkaoneka kulamba. Kenako anati thankiyo anaitsuka okha chaka chatha, mulibe kanthu. Kenako anati kukhuthula dizilo yense n'kuwononga, ndi bwino adikire athe kaye. Thukuta linkatsika m'khosi mwa jekete. Amene anawakakamiza ndi azakhali, amene sankadziwa chimene akuchita. Anati achimwene atsegule basi, anthu onse aone zimene mlamu anaikamo.

Loko anatsegulidwa. A Yobe anakhuthulira dizilo m'mabeseni, anaunika ndi tochi, anati akuona chinthu chakuda pakona. Anayesa kuchikola ndi waya wopinda, koma chinkaterereka. Dzanja lawo silikanalowa pakamwa pa thankiyo. Anayang'ana ana amene tinali pamenepo, koma mayi aliyense anakokera wake kumbuyo. Azakhali ndiwo anapereka yankho. Anati amene alowetse dzanja akhale mwana wa mwini mankhwala, poti iyeyo sangamulume.

Amayi anali atatsika kumtunda kuja, ataima paokha ndi khasu m'manja. Ndinawayang'ana, ndipo anagwedeza mutu kuti ndipite.

A Yobe anandinyamula n'kundikhazika pamwamba pa chitsulo chotentha. Ndinapinda zala n'kulowetsa dzanja, mpaka mkono wonse, mpaka tsaya langa kugunda thanki. Fungo linandilowa m'mphuno ndi m'kamwa. M'katimo munali mofunda, moterera, pansi pake pali phala la dzimbiri limene linkalowa m'zikhadabo. Ndinafufuza uku ndi uku, kenako zala zanga zinagunda chinthu chofewa, chonenepa, chokhala ngati chili ndi ubweya. Ndinaganiza kuti ndi khoswe wakufa. Ndinafuna kukuwa, koma ndinakumbukira mizere yathu ija, ndiye ndinaluma mano n'kuchigwira. Potuluka chinakanirira pakamwa pa thanki, ndipo nditachikoka chinafinyika n'kundithira madzi ake akuda kumaso.

Ndinachiponya pansi n'kudumpha, ndipo ndinasanza pomwepo, pamaso pa mudzi wonse.

Chinali chithumwa. Kansalu kakuda kosokedwa mbali zonse ndi ulusi woyera, kotupa ndi dizilo mpaka kukula ngati dzira la bakha. Mbali imodzi chinali chitaphulika, ndipo munkatuluka tsitsi lopotana, timizu, ndi kanthu kena kooneka ngati kamchira kouma. Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Amayi ena anaphimba ana awo kumaso. Ngakhale a Yobe, amene ankayamwa dizilo ngati thobwa, anabwerera m'mbuyo, n'kumachiloza ndi sipanala ali patali. Aliyense wakwathu amadziwa kuti mankhwala a munthu wina sagwiridwa ndi manja.

Abambo aakulu anawerama n'kuchitola ndi dzanja lawo. Anachifinya kuti dizilo atuluke, anabwezera tsitsi lija m'kati ndi chala chachikulu, anachikulunga m'kampango kawo kopukutira thukuta, n'kuchiika m'thumba la m'kati mwa jekete. Anachita zonsezi mofulumira, mozolowera, ngati munthu amene watola chikwama chake chimene chinagwa. Atawongoka m'pamene anazindikira kuti anthu onse akuwayang'ana. Anakonza pakhosi n'kunena kuti akachiwotcha okha ndi pemphero.

Pamenepo ndinaona nkhope za anthu akuluakulu zikumvetsa. Ndinaona amuna akuyang'anana n'kugwetsa maso pansi. Ndinaona amayi aakulu, a Naphiri, akazi awo a Lingisoni, akuphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Azakhali okha ndiwo anayamba kufuula kuti umboni suwu, zaululika, Mulungu sagona.

Amayi anayandikira pang'ono. Sanakweze mawu.

"Alamu, thanki imeneyi imakhala yokhoma usana ndi usiku. Kiyi wake amasunga ndani?"

Abambo aakulu sanawayang'ane. Anayang'ana kumapiri kumene kunali mitambo, n'kuyankha ndi liwu lawo lija la kutchalitchi:

"Mlamu, anthu ochita zoterezi loko sawaletsa. Amalowa m'nyumba chitseko chili chotseka."

 Ndinayembekeza kuti wina aseka, kapena anena kuti a Lingisoni musatipusitse. Palibe anatsegula pakamwa. Ndinayang'ana a Yobe, munthu amene anali atangotsimikizira mudzi wonse kuti munda wathu ulibe mlandu. Iwo anali kalikiliki kutsuka thanki ndi dizilo woyera, nkhope ataibisa kuseri kwa injini. Wina atawafunsa maganizo awo, anati iwo amadziwa za zitsulo, za pamudzi ndi za eni mudzi. Anabwezera zonse m'malo mwake, anadya, n'kukwera njinga yawo kubwerera ku Mponela.

Mwambo wosudzula unachitika sabata yomweyo, mwachidule, ngati anthu akuthawa mvula. Ananena mawu ake onse oyenera, kuti amayi anasunga bwino m'bale wawo, kuti tsopano ndi omasuka, kuti ana ndi awo apite nawo koma asaiwale kuchimuna. Za ufiti sanazitchule n'komwe. Abambo aakulu anatsegula ndi pemphero n'kutsekanso ndi pemphero. Pomaliza analengeza kuti, mwa chifundo chawo, atinyamulira katundu pa thirakitala mpaka kumsewu wa ku Ntchisi, kuti tisavutike.

Tinakwera m'ngolo m'mawa, pamwamba pa mphasa, mapoto, matumba a chimanga chotsala ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Mkono wanga unali utayamba kusupuka khungu, ndipo ngakhale ndinaukwecha ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, unkanunkhabe. Tinatsika kudambo. Titayamba kukwera chitunda, ndinatseka maso n'kupemphera pemphero loipa. Ndinapempha kuti ife, ifere pomwepo, ife tili m'ngolo ndi katundu wathu yense, kuti anthu asowe chonena.

Sinafe. Inakwera mosalala, ikulira ngati yatsopano, n'kudutsa mizere yathu yofiira imene inkangodikira mvula. M'mphepete mwa msewu munaima anthu, ena atanyamula makasu, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti waona, mwini wake akuchoka, yachira. Amayi anamvanso. Anangokonza mpango kumutu n'kumugwiritsa mng'ono wanga kuti asagwe.

Ku Ntchisi atsibweni anatipatsa kachigawo ka munda pamalo amiyala, ndipo chaka choyamba tinadya gaga ndi maungu. Amayi sanabwererenso ku Dowa, ngakhale pamene ankamanga chiliza cha abambo, poti sanaitanidwe. Nkhani ya thirakitala sankaikamba. Ine ndikaiyamba, ankandiuza kuti ndikatunge madzi. Munda wathu uja abambo aakulu anabzalamo fodya mvula yomweyo.

Amayi anamwalira ine nditakula kale, ndili pantchito yauphunzitsi. A Lingisoni anali atatsogola zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo anaikidwa ndi ulemu wonse wa mkulu wa mpingo. Pamaliro a amayi kunabwera anthu ochepa ochokera kuchimuna, ndipo mmodzi wa iwo anali a Naphiri, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakhala m'nyumba ya siwa, anayimba nawo nyimbo zonse, analira mokweza kuposa ife. Tsiku lotsatira, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, anadzakhala pambali panga pa mtondo wogona, n'kuyamba kukamba zakale.

Sindinawafunse. Anayamba okha, ndipo ankasimba mopepuka, ngati nkhani yoseketsa ya mwamuna wopusa. Anati amuna awo atangogula thirakitala ija anachita mantha ndi nsanje za anthu, ndiye anapita mobisa kwa sing'anga wina kupitirira Mvera kuti akaitsirike. Sing'angayo anawapatsa zosakaniza zake n'kuwauza kuti akazisokere m'nsalu yakuda, aziike m'mimba mwa thirakitala, mmene imamwera. Iwo anaganiza kuti mimba ya thirakitala ndi thanki. Tsitsi lija linali lawo lomwe. Nsaluyo inadulidwa ku thalauza lawo lakale.

"Ndinasoka ndine, mwanawe," anatero a Naphiri. "Litagwa pansi paja ndinazindikira ulusi wanga. Koma nanga tikanatani? Bambo ako aakulu akanadulidwa mumpingo. Tinachita manyazi basi."

Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kenako anafunsa ngati tiyi watsala. Ndinaima ndi mbale m'manja, amayi atagona m'manda atsopano kuseri kwa nthochi, ndipo ndinamva dizilo pa lilime ngati ndangotulutsa kumene mkono m'thanki. Ndinawathirira tiyi, poti anali mlendo pamaliro, koma sindinathe kuwayang'ana akumwa.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anthu amazunza mnzawo chifukwa chosadziwa, ndipo choona chikangotuluka poyera nkhani imatha. N'chifukwa chake ndinalowetsa mkono m'thanki muja mosakana. Tsopano ndikudziwa kuti pamunda paja panalibe munthu wamkulu amene sanamvetse. A Yobe anafufuza bwino, sitepe ndi sitepe, mpaka nthenda inagwa pafumbi aliyense akuona, ndipo aliyense anaona dzanja limene linaitola. Kungoti mitambo inali itasonkhana, minda inali isanagalauzidwe, ndipo thirakitala m'dera lonselo inali imodzi. Anayeza mkulu wa mpingo wokhala ndi pulawo, anayeza mtengwa wamasiye wokhala ndi khasu, n'kusankha amene akanawalimira. Amayi anga anakhala zaka zawo zonse zotsala akudziwika kumudzi kuja ngati mfiti imene inalodza thirakitala, ndipo anthu amene ankawatchula choncho anakolola bwino chaka chimenecho.